Kamtondo ka Khofi ka a Zefaniya

Chilomoni, Blantyre
4 Febuluwale 2024

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi achimwene a Mavuto, alamu a Yunike ndi kamwana kawo Lonjezo. Ife kuno tili bwino, mkamwini wanu a Joel akupereka moni. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndikaona mitambo yakuda chakumadzulo ndimaganiza za msewu wa ku Dambe, kaya galimoto zikukwera n'komwe.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni timangokuwizana, ine kunena zina, inu kumva zina. Ndaipereka kwa a Binwell a minibasi, akaisiya pa Neno kwa a njinga zamoto.

Ababa, ndikufuna kukugulirani chogayira khofi. Mwasinja zaka zambiri, nthawi yakwana yoti manja apume. Ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi kuntchito. Mukudziwa kuti munthu wa mu laibulale sagula ngakhale singano asanatsegule buku. Zogayira zilipo za mitundu iwiri. China n'chamagetsi, chili ndi timipeni tozungulira. N'chofulumira, koma akuti chimadula mosafanana, pena ufa pena misere, ndiye khofi amatuluka wowawa komanso wamadzimadzi nthawi imodzi. Chinacho chili ndi mano okhulana ngati a chigayo, ndipo munthu amachuna yekha kuti ufa utuluke wosalala kapena wamisere. Cha mtundu umenewu chilipo chopukusa ndi dzanja, chosafuna magetsi.

Palinso chophikira chimene m'masitolo amachitcha pulanja. Ndi kabotolo kagalasi kokhala ndi sefa yokankhira pansi. Mumathira khofi ndi madzi otentha, kudikira, n'kukankha. Kansalu kanu kosefera kaja kada kwambiri, mwina nako kangapume.

Ndiye mundiyankhe izi. Kodi sola ija ingayendetse chinthu choposa wailesi? Nanga phewa lakumanja lija likupwetekabe? Ndikufuna ndisankhe choyenera.

Ndine mwana wanu,
Chiyanjano


Dambe, Neno
1 Malichi 2024

Mwana wanga Chiyanjano,

Kalata yako inafika itanyowa pakona, koma mawu onse analimo. Zilembo zako n'zazing'ono ngati nyerere, ndiye Yunike ndi amene wandiwerengera. Anakuwira m'khutu lakumanzereli mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Tonse tili bwino. Chimanga chamasula, mbatatesi tikumba mwezi wamawa.

Za makinazo. Ine ndinaphikira azungu khofi zaka makumi awiri ndi zitatu ku esiteti ku Thyolo, ndipo zonse ukunenazo ndinazigwirapo iwe usanabadwe. Cha timipeni usayerekeze, chimatenthetsa khofi. Cha mano n'chabwino. Koma ndikuuze. Chaka china makina a bwana anathyoka, ine n'kumamusinjira mumtondo kuseri kwa khitchini mwezi wathunthu. Iye tsiku lililonse ankati makina ayamba kugaya bwino. Sindinamuuze. Kansalu ukasiye, kuda kwakeko ndiko ntchito yake. Khofi safuna zambiri. Madzi angosiya kubwata, uthire, upite ukatsegulire mbuzi, ukabwera usefe. Shuga ndi wa anthu amene akubisa khofi woipa.

Koma nkhani imene ili pamtima ndi iyi. Kamtondo kanga kasowa, ndi kamunsi kake komwe. Ndinazindikira mutapita, itatha Khirisimasi. Tafunafuna m'nkhokwe, kudenga, ngakhale kudzala. Ndinafuna kufunsa ngati alendo anu aja sanakatenge mosadziwa, koma ndinachita manyazi. Munthu wa galimoto angatengerenji kamtondo kong'aluka komangidwa ndi waya?

Azakhali ako akuti ndi Yunike. Paja tsiku lina ndinasinja mamawa mwana atangogona kumene atalira usiku wonse ndi mano, ndipo Yunike ananena anthu akumva kuti tsiku lina adzakasonkhezera moto. Azakhali ako mawu otero sawataya. Ine sindinayankhe kanthu.

Ukudziwa kuti kaja anasema ndi malume a mayi ako, ka mtengo wa muwanga, chaka chimene unabadwa iwe. Mayi ako anasinjiramo mpaka pamene matenda anawagoneka. Sikanalawepo nsinjiro kapena tsabola. Ndayesa mtondo wa mtedza, khofi akumveka ndiwo.

Ngati unakaona pena pake pamene munkapakira katundu, undiuze. Utumizenso mabatire a tochi.

Atate ako,
Zefaniya


Chilomoni
14 Epulo 2024

Ababa,

Moni kwa nonse. Pepani ndachedwa kuyankha, ophunzira anali pa mayeso ndipo ntchito inachuluka. Mabatire ali m'kajumbo pamodzi ndi kalatayi.

Za kamtondo zandikhudza. Zinthu zotere nthawi zina zimatulukira zokha. Azakhali muwauze asafulumire kuloza munthu chala.

Ndayenda m'masitolo atatu, awiri ku Limbe, imodzi m'tauni. Chimene ndinapeza ku Limbe chopukusira chake n'cha pulasitiki. Ndinachizunguza kawiri, chikulira ngati chitseko chakutha, ndinachibweza pa shelefu. Cha m'tauni mano ake ndi adongo loyera longa la mbale. Akuti sachita dzimbiri, koma akakumana ndi kamwala amathetheka, ndipo khofi woyanika kumudzi kamwala sikasowamo. Mano achitsulo ndiwo oyenera inu, koma sindinawapeze kuno.

Mnzawo wa a Joel, a Patrick, amene tinabwera nawo pa Khirisimasi aja, akupita ku Joni mwezi wa Juni kapena Julaye. Ndawalembera papepala chenicheni chimene ndikufuna, cha mano achitsulo, chopukusira chachitali kuti phewa lisavutike. Pulanja nayo ndaganiza kuti yagalasi singafike yamoyo pa njinga yamoto, ndiye ndawauza ayang'ane yachitsulo.

Ndikudziwa kuti mukudikira. Koma sindikufuna kukupatsani chinthu chongokongola m'maso. Pofika nthawi yothyola khofi watsopano chikhala chili m'manja mwanu.

Mwana wanu,
Chiyanjano


Dambe
20 Juni 2024

Chiyanjano,

Akulemba ndi Yunike, ine ndikungonena, dzanja likunjenjemera ndi kuzizira. Chaka chino chisanu chabwera ndi ukali, chifuwa chandigwira pang'ono.

Khofi wayamba kupsa. Mitengo yonse khumi ndi inayi yabereka, ngakhale uja wa kumbuyo kwa khola umene unkauseka kuti ndi wouma. Yunike ndi Mavuto akuthyola, ine ndikungoloza ndi ndodo.

Makinawo usavutike nawo kwambiri, mwana wanga. Chilichonse chophwanya njere n'chabwino. Pakali pano Yunike akundiphwanyira ndi botolo pathabwa. Zimatenga nthawi, zina zimathawira pansi pa mpando, komabe ndimamwa.

Ukapeza mpata ubwere udzaone mitengoyi ikadali yofiira.

Atate ako,
Zefaniya

Alamu, awa ndi mawu anga. Akudwala kuposa mmene akunenera. Yunike.


Dambe
5 Ogasiti 2024

Chemwali,

Ndikhulupirira kuti unafika bwino ndi alamu a Joel. Unanyamuka mamawa tsiku lotsatira maliro a ababa, sitinakhale pansi. Sindikukudandaula, ndinakuona mmene unalili kumanda. Ndalemba kalata chifukwa izi sindingazinene nditaimirira pachulu kusaka netiweki anthu akudutsa.

Loweruka lija la pa 27 Julaye tinagawa katundu wa ababa monga mwa mwambo. Jekete ndi nsapato zapita kwa abambo aang'ono, wailesi yatsala ndi ine, magalasi ndi wotchi takusungira iwe. Phale lokazingira khofi ndi kansalu kaja palibe anazifuna.

Zonse zitayalidwa pamphasa, azakhali anaimirira n'kunena kuti, "Katunduyu sanakwane. Mlongo wanga wapita kumanda ali ndi ludzu. Kamtondo kali kuti? Tifunse a ku Ligowe awa, paja nkhuni zimawasowa." Anthu ena anaseka. Yunike anali atagwada, akusambitsa akuluakulu m'manja. Anaika beseni pansi bwinobwino, osataya ngakhale dontho, n'kulowa m'nyumba.

Apa ine ndinalakwitsa, ndivomere. Anthu atabalalika ndinamufunsa. Ndinati, "Amake Lonjezo, ngati kanapsa mwangozi mungondiuza ine, ndikakonza ndekha kwa azakhali." Anandiyang'ana, n'kupita kukagoneka mwana. Kutacha anabereka mwana, kanthu kena kalikonse sanatenge, n'kupita kwawo ku Ligowe. Ndapitako kawiri. Amayi ake amandipatsa mpando ndi madzi akumwa, koma iye satuluka.

Chiyanjano, mkazi ameneyu ndi amene ankatembenuza ababa pamphasa masabata atatu omaliza aja. Ndi amene anawanyamula nane pa njinga kupita kuchipatala. Koma mawu aja anawanenadi, ndipo kamtondo kanasowadi. Mutu wanga waima.

Khofi wauma, watuluka ndowa imodzi ndi theka. Ali m'thumba kuchipinda kwa ababa. Sindikudziwa chochita naye. Iwe wowerenga mabuku undiuze maganizo ako, pa khofiyu ndi pa zinazi.

Ndine mlongo wako,
Mavuto


Chilomoni
12 Ogasiti 2024

Achimwene,

Kalata yanu ndailandira. Ndaiwerenga katatu, ndipo kuntchito lero sindinagwire kanthu. Pepani kwambiri ndi zimene zachitikira alamu. Si zoona zimene akunena azakhali, ndikutsimikiza kuti si zoona. Alamu a Yunike sangachite zotero.

A Patrick anabwera kuchokera ku Joni sabata imene tinaika ababa m'manda. Chogayira chija anabwera nacho, ndi pulanja yachitsulo. Zonse n'zimene ndinalemba papepala, palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Zili pa tebulo m'katoni yake. Sindinathe kutsegula kachiwiri.

Ndaganiza motere. Bwanji ndizitumize kwa alamu ngati mphatso yochokera kwa ife ana a malemu, yowathokoza pa mmene anasamalira ababa? Azakhali akaona kuti ife eni ake tawapatsa chinthu cha khofi m'manja, adzadziwa kuti nkhani ya kamtondo taitseka. Mwina alamu angabwerere.

Khofiyo musagulitse, chonde, ndipo mitengo musadule ngakhale umodzi. Ndi zokhazo zimene zatsala zonunkhira ababa.

Mundiuze ngati nditumize kwa a Binwell sabata ino.

Mlongo wanu,
Chiyanjano


Dambe
21 Ogasiti 2024

Chiyanjano,

Moni. Ndakufunsa za banja langa, iwe wandiyankha za makina.

Kodi sukuona mmene zingamvekere kuno? Ukatumiza chinthucho kwa Yunike, mudzi wonse udzati ana a malemu amulipirira mlandu, agula china m'malo mwa chimene anawotcha. Azakhali adzavina. Mphatso yakoyo ndi chidindo chakuti analakwa ndipo tamukhululukira. Ukuti ukutsimikiza kuti si iye. Ukutsimikiza bwanji uli ku Blantyre? Ine amene ndimagona naye nyumba imodzi ndinalephera.

Za mitengo usade nkhawa. Ngati ukuifuna kuti ikhale yako, uzigaya khofi ndi anzako a m'tauni, nena poyera, sindikukaniza. Ine khofi sindimwa.

Ankhoswe a mbali zonse akumana kuno Lamlungu pa 15 Seputembala tikaweruka kutchalitchi. Azakhali akuti Yunike avomere ndi kupepesa pamaso pa abale, nkhani ithe. A kwawo akuti mwana wawo sapepesa chimene sanachite, ndipo ngati kuno timaona anthu ngati akuba, angokhala kwawo, ukwati uthere pomwepo. Lonjezo wayamba kuyenda, ndamva kwa anthu.

Makinawo usatumize.

Mavuto


Chilomoni
27 Ogasiti 2024

Alamu a Yunike,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndi Lonjezo pamodzi ndi amayi. Kalatayi ndapempha a Binwell kuti aipereke m'manja mwanu pa Ligowe, osati kwa wina aliyense.

Kamtondo ka ababa ndinatenga ndine. Kali kuno, pansi pa sinki, kuseri kwa ndowa. Kakhala pamenepo miyezi isanu ndi itatu.

Mukukumbukira masana a Khirisimasi. Ababa anavala epuloni yawo yoyera ya ku esiteti kuti aphikire alendo khofi. Anakazinga paphale, n'kukhala pakhonde ndi kamtondo pakati pa miyendo. A Patrick anatulutsa foni n'kuyamba kujambula, akuitana akazi awo kuti, "Tabwerani mudzaone khofi wa m'nthawi ya atumwi! Ndi waya womwe!" Onse anaseka. Ababa sanamve mawuwo. Anaona anthu akuseka, anaganiza kuti akuwayamikira, ndiye anamwetulira n'kusinja mwamphamvu. Alamu, nanenso ndinaseka. Ndinaseka kuti alendo aone kuti ine si wa pakhonde limenelo.

Kutacha ndinakulunga kamtondo m'chitenje n'kukaika m'buti ya galimoto pansi pa thumba la mbatatesi. Ndinadziuza kuti ndikuwachitira zabwino, kuti sabata isanathe ndiwatumizira makina, ndipo palibe adzawasekenso. Sindinaganize za mayi athu amene anasinjiramo. Sindinaganize za inu n'komwe.

Kalata ya ababa itafika yonena kuti azakhali akuloza inu, ndinakatulutsa, ndinakaika m'jumbo kuti ndipereke kwa a Binwell. Ndinafika nako mpaka pa depoti. Kenako ndinaganiza nkhope ya ababa akumva kuti mwana wawo anachita nawo manyazi, ndipo ndinabwerera nako. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndikapeza makina abwino koposa onse, adzaiwala kamtondo, ndipo sipadzafunikanso kuulula. N'chifukwa chake palibe makina amene ankandikwanira. Cha ku Limbe chija chinalibe vuto lililonse.

Mawu anu a pansi pa kalata yomaliza ndinawaona. Ndinati ndidikire a Patrick abwere, kuti ndisapite chimanjamanja. Ndinafika ababa ali kale m'bokosi.

Ndawerenga nkhani zambiri za anthu amene amaulula madzi atapita kale, ndipo ndinkawaweruza mosavuta ndili pampando wanga. A Joel sakudziwa. Achimwene sakudziwa. Ndayamba ndi inu chifukwa ababa sindingawauzenso, ndipo pa amoyo ndinu amene ndakulakwirani kwambiri. Sindikupempha kuti mundikhululukire. Mundiuze chochita. Ndingatumize kamtondo mawa ndi kalata ya kwa azakhali ndi ankhoswe, ngati mukuona kuti n'koyenera.

Ndikatsegula kabati kamanunkhirabe khofi.

Ndine mlamu wanu,
Chiyanjano


Ligowe
3 Seputembala 2024

Alamu,

Tili bwino. Lonjezo akuyenda, akugwetsa chilichonse.

Kalata yanu ndaiwerenga chamumtima. Ndi kalata yanu yoyamba imene sindinakuwe.

Ndinakuonani. Ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikusesa. Chitenje chinali chobiriwira, ndipo kamunsi kanatulukira kunsi mpaka munakabweza ndi bondo.

Mufunsa kuti bwanji sindinanene. Ndikanauza ndani? Mtengwa wolekeza Sitandade 8 aimirire n'kunena kuti mwana wa mwini nyumba, wa ku yunivesite, watenga kamtondo kong'aluka? Azakhali akanati ndawonjezera bodza pa kuba. Achimwene anu akanakhala pakati ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri. Komanso madala aja ankakunyadirani. Kalata yanu ikafika ankayamba asamba m'manja asanaigwire. Ndinati ndiwasiyire mwana wawo.

Ndinkadikira inu. Kalata ikabwera ndinkati lero anena. Ndinkakuwa mzere ndi mzere, mawu mpaka kusasa, kufika pa dzina lanu, mawu ovomera mulibe. Mano adongo, mano achitsulo. Mudzi wonse wa apongozi ukudziwa tsopano kuti pulanja yagalasi imasweka pa njinga yamoto. Amayi a pa mjigo ankandifunsa kuti, "Amake Lonjezo, mano aja afika?"

Apongozi sananenepo kuti ndine. Sananenenso kuti si ine. Ndikawaphwanyira ndi botolo ankalandira kapu ndi manja awiri, n'kuthokoza, koma maso ali kwina. Anapita ali choncho. Chimenecho sindingakunamizeni kuti chatha mumtima mwanga. Mwina chidzatha.

Mwafunsa chochita. Musatumize kwa a Binwell. Musalembere azakhali, mwalemba zokwanira. Ankhoswe akumana pa 15. Mubwere nokha. Wa njinga yamoto akutsitseni pa sitolo ya kumsewu, osati pakhomo. Kamtondo mukanyamule m'manja kosakulunga, kamunsi dzanja linalo. Mudutse pa mjigo, mudutse pa tchalitchi anthu akutuluka, mpaka pamphasa pamene padzakhale akuluakulu. Zonena mudzaziona nokha. Ine ndidzakhala pomwepo.

Achimwene anu sindiwauza. Amve limodzi ndi anzawo, paja anandikayikira limodzi ndi anzawo.

Makinawo musabweretse.

Yunike


Dambe
23 Seputembala 2024

Chemwali,

Ndikhulupirira kuti unayenda bwino. Unachoka ndisanapeze mawu, ndipo mpaka lero sindinawapeze onse. Ndikadali wokwiya, usadabwe ukadzabwera ndikakhala chete. Koma wafunsa kwa a Binwell kuti kuno zili bwanji, ndiye ndikuuze.

Pamene unatulukira ku mjigo, kamtondo kali pachifuwa ngati mwana, azimayi akukutsatira m'mbuyo, ine ndinaganiza kuti wakapeza kwa wakuba. Ndinayamba kukondwa. Utagwada n'kunena kuti, "Ndinatenga ndine, ndinachita manyazi ndi ababa," sindinayang'ane iwe. Ndinayang'ana Yunike, ndipo ndinaona kuti sakudabwa. Pamenepo ndi pamene ndinafuna kulowa pansi.

Azakhali sanapepese ndi pakamwa, ukuwadziwa. Lachiwiri anabwera atasenza mtolo waukulu wa nkhuni, pa msinkhu wawo uja, n'kuutula pakhomo pa khitchini ya Yunike. Anati, "Zouma bwino izi," n'kumapita. Yunike anabwerera Lachinayi. Ine ndapepesa kawiri. Akuti wamva.

Utapita, ankhoswe anafunsa kuti kamtondo kakhale kwa yani, poti katundu wa malemu ayenera kukhala ndi mwini. Yunike anadzuka, anakatola, n'kukhala nako pamiyendo. Nkhani inathera pomwepo.

Dzulo mamawa, nkhuku zisanatsike, ndinadzidzimuka ndi gu, gu, gu pakhonde. Lonjezo kuyamba kulira. Ndinatuluka n'kunena kuti, "Amake Lonjezo, si inu munkadana ndi phokoso limeneli?" Akuti, "Kagoneni."

Kuno palibe amene amamwa khofi. Amene ali m'botolo limene labwera ndi kalatayi ndi wako, wasinja ndi Yunike. Akuti makina aja ubweze kapena upatse a Patrick. Khofi wa mitengo ya ababa azikazinga ndi kusinja yekha, n'kumakutumizira mwezi ndi mwezi mpaka thumba lithe. Wakuikiramonso kansalu kaja, akuti usakachape ndi sopo.

Akuti madzi angosiya kubwata, uthire. Poti mbuzi ulibe, uzungulire nyumba yako kawiri, ukabwera usefe. Ndipo akuti umwe wopanda shuga.

Mlongo wako,
Mavuto